Maenje atatu patsinde pa chulu

Ndikukumbukira fumbi la tsiku limenelo kuposa nkhope za anzanga ena a kusukulu. Linali fumbi lofiira la m'misewu ya m'mafamu kumadzulo kwa komboni yathu ya Kanyama, lolowa m'mano ndi m'makutu, ndipo ndinalidya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka chifukwa cha ukwati wa mlongo wanga Tisa. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ntchito imene anandipatsa tsikulo inali yokoka thalauza la munthu wamkulu.

Atate anali mkulu wa mpingo, ndipo mkati mwa sabata ankakweza ndi kutsitsa matumba pa malole a fakitale ina ku ma Indasitiriyo. Sankadana ndi munthu. Ngakhale woledzera amene ankagona pa khomo pathu ankamufunditsa saka asanamudzudzule. Koma madiraiva a minibasi anali nkhani ina. Lamlungu lina m'nyengo ya mvula, Kanyama itasanduka dziwe monga mwa chizolowezi chake, atate ankadumpha pa miyala kupita kutchalitchi, jekete loyera lili pathupi, Baibulo lili m'khwapa. Minibasi inadutsa, nkuwasambitsa madzi akuda kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato, ndipo diraiva analiza hutala ngati akuwapatsa moni. Kuyambira tsikulo atate ankanena kuti diraiva wa minibasi alibe mtima, pamalo pa mtima pali hutala.

Ndiye tangoganizani mmene m'nyumba munazizirira titamva kuti mwamuna amene akufuna Tisa ndi Ba Jairosi a ku Matero, oyendetsa minibasi ya pakati pa Kanyama ndi m'tauni. Amene anabwera kudzagogoda za ukwati m'malo mwao anali Ba Yusufu, telala wa nyumba yoyandikana nafe, amene makolo ao anachokera ku Mangochi. Ba Yusufu ankapemphera kumzikiti, atate kutchalitchi, ndipo awiriwa ankatsutsana pa chilichonse madzulo alionse popanda kukangana ngakhale kamodzi. Ba Jairosi anawasankha chifukwa mu Kanyama yonse iwo okha ndiwo atate ankawamvetsera mpaka amalize kulankhula. Atate anangoyankha kuti, "Ndamva." Kenaka anakhala chete milungu itatu. Tisa anaonda, ndipo ndiwo zake zinayamba kuchuluka mchere.

Mlungu wachinayi atate anaitana Ba Yusufu nkuwauza maganizo ao. Anati munthu akamayendetsa galimoto bambo a mkazi ali kumbuyo, amanama. Ukafuna kumudziwa, umuone pamene akuonerera anzake akuyendetsa. Loweruka lotsatira magalimoto a mpikisano, aja timawatcha a rali, ankadutsa m'mafamu, ndipo atate anati amuna tonse tipite. Akakhutira, ukwati ulipo. Akapanda kukhutira, Ba Yusufu asabwerenso ndi nkhaniyi.

Vuto linali lakuti Ba Jairosi ankakonda rali ngati matenda. M'minibasi mwao munali zithunzi zodula m'nyuzipepala za magalimoto ali m'malere, matayala onse anayi osakhudza pansi. Tisa anawalamula kuti azimatule zonse, ndipo tsikulo azitamanda okhawo oyenda mwaulemu. Koma sanawakhulupirire, choncho anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Iwe Yona, uzankhala kumbuyo kwao. Ukaona chabe bayamba kukondwa, ubadonse thalauza."

"Nanga bakanimenya?"

"Sibangamenye mulamu. Koma ukagona, nizakumenya ine."

Loweruka m'mawa Ba Jairosi anafika ndi minibasi yotsukidwa mpaka matayala. Anali atavala suti ya mkulu wao, munthu amene mwachionekere ankadya bwino kuposa iwo. Thalauza linali lalikulu loti mukanalowa anthu awiri, ndipo analimanga m'chiuno ndi chingwe cha khonje. Ba Yusufu atawaona anatseka maso ngati dzino lawapweteka. Tinakwera anthu anayi m'galimoto yonyamula mpingo wathunthu, ndipo Ba Jairosi anayendetsa pang'onopang'ono kotero kuti nkhuku zinkadutsa msewu osathamanga. Titatuluka m'komboni, bambo wina wa njinga yonyamula matumba awiri a makala anatipeza, natipitirira, kenaka anavula chipewa nkufunsa pa zenera kuti, "Pepani, ni maliro?" Atate sanaseke. Ankangoyang'ana kutsogolo, manja ali pa mawondo.

Malo amene tinasankha anali pa kona pamene msewu unkazungulira chulu chachikulu. Galimoto isanafike pa konapo inkayamba yadutsa mtengo wa mkuyu. Anthu anali ochuluka kale: a m'makomboni atakwera m'mitengo, Amwenye ali ndi maambulera, azungu a m'mafamu atakhala pamwamba pa mavaneti ao onyamulira katundu, amayi akugulitsa chimanga chootcha ndi chakumwa cha munkoyo. Ife tinakhala motsata ulemu. Atate anakhala pamwamba, pa mwala. Ba Yusufu anakhala pakati. Ba Jairosi anakhala patsinde, pa njerwa, poti sakanatha kukhala molingana ndi bambo a mkazi amene sanawalandire. Ine ndinakhala kumbuyo kwao, zala zili pa lamba wa khonje uja. Kuchokera pa atate kufika pa Ba Jairosi panalibe mtunda woti munthu nkukweza mau, koma mwambo sunalole kuti alankhulane, choncho mau onse ankadutsira mwa Ba Yusufu, kutsika ndi kukwera chulu.

Galimoto ya rali umayamba kuimva usanaione. Phokoso limachokera kutali ngati chigayo cha komboni ina, kenaka fumbi limatukuka pamwamba pa mitengo, mbalame nkuthawa, ndipo mwadzidzidzi chinthucho chili pamaso pako. Yoyamba inali yoyera. Inachepetsa liwiro isanafike pa mkuyu, inalowa pa kona mwaudongo, mphuno kutsogolo, matako kumbuyo, nkuchoka osataya ngakhale mwala umodzi. Anthu anaomba m'manja mwaulesi. Ba Yusufu okha ndiwo anasangalala, nati ameneyo ndi telala mnzao, msoko wake ndi wowongoka, alibe ulusi wotsalira. Patapita kanthawi kunabwera yobiriwira, imene inafika pa kona monyinyirika ngati mlendo wofuna kufunsa njira. Yachikasu inaliza hutala kwa atsikana, ndipo atate anaiyang'ana monga ankayang'anira anyamata otafuna chingamu m'tchalitchi.

Kenaka kunabwera yofiira. Imeneyo sinaone mkuyu, sinaone kona, mwina sinaone ndi ife omwe. Inafika ikubangula, nkutembenuka isanafike pokhota, ndipo inazungulira chulu chonse ikuyenda chammbali, zenera la diraiva likuyang'ana kumene ikupita, matayala akumbuyo akutiponyera dothi ndi timiyala. Chimanga cha amayi aja chinasanduka chofiira. Anthu anakuwa ngati chigoli chalowa, ndipo pomwepo anaipatsa dzina lakuti Nkhanu. M'manja mwanga ndinamva thupi la Ba Jairosi likunjenjemera, mapewa akukwera, mpweya ukudzaza m'chifuwa. Ndinakoka. Mfuu imene inali pakhosi pao inatuluka ngati chifuwa cha nkhalamba. Ndinaonanso kuti nsapato zao zinkapalasa pansi mosalekeza, koma za mapazi Tisa sanandiuze kanthu, choncho ndinawasiya.

Atate anapukuta fumbi m'maso, nati, "Ba Yusufu, afunseni aDiraiva. Yofiirayo akuiona bwanji?"

Ba Yusufu anatembenuka, nabwereza funso limene tonse tinali titalimva. Ba Jairosi anayankha, nkhope yao ili ya munthu amene akukana mwana wake pa bwalo la milandu.

"Bauzeni batate kuti uja ni wosokonezeka. Motoka sibayendesa so."

Atate anangoti, "Hmm."

Tsopano panachitika chinthu chimene Tisa sanachiganizire. Atate anazindikira kuti m'galimoto iliyonse muli anthu awiri, ndipo wachiwiriyo sayang'ana msewu. Mutu wake uli pansi, buku lili pa miyendo, milomo ikugwedera. Anagwira Ba Yusufu pa phewa nkuwauza kuti aonetsetse, anthuwa akuwerenga Masalmo. Ba Yusufu anati sangadziwe kuti ndi buku liti, koma iwonso atakwera mmenemo akanawerenga lao mokweza. Anakambirana nkhaniyi mozama, ndipo atate anamaliza ndi kunena kuti galimoto imene muli Mau ikhoza kuyenda mmene ikufunira. Anakumbukiranso kuti wowerenga wa mu Nkhanu ndiye amene milomo yake inkathamanga kuposa onse. Kuyambira pamenepo mtima wao unapita kwa yofiira. Anati yoyera ija ili ngati mlaliki wowerenga ulaliki wa papepala, yolondola koma yogonetsa, pamene yofiira ili ngati mlaliki wa chitsitsimutso amene amagwetsa maluwa a paguwa koma anthu nkulapa.

Ife apansi tinasowa chochita. Atate ankatamanda Nkhanu, Ba Jairosi ankainyoza monga analamulidwira, ndipo panalibe njira yofunsira Tisa ngati lamulo lasintha. Ine ndinapitiriza kukoka. Atate ankaganizanso kuti yoyera ikutsogola chifukwa inadutsa poyamba, ndipo zinazo zikuithamangitsa, choncho galimoto iliyonse ikadutsa ankaikuwira kuti, "Fulumira, wapita uko!" Nthawi iliyonse akatero, khosi la Ba Jairosi linkatupa ndi mau ofuna kutuluka.

Chapakati pa tsiku kunaoneka fumbi laling'ono likubwera modekha. Inali vaneti yotuwa, yoyenda mwaulemu woposa wa yoyera ija. Ba Jairosi anaona mwayi wao. Anakweza mau kuti afike pamwamba pa chulu osadikira kufunsidwa, nati, "Ba Yusufu, bauzeni batate kuti uyu ndiye diraiva! Onani mwamene alowela pa kona. Uyu ndiye azawina." Vanetiyo inalowadi pa kona mwaulemu, inapatuka, inaima pansi pa mkuyu, ndipo munatuluka agogo ena ovala magambuti nkuyamba kugulitsa nzimbe. Anthu amene anali pafupi anaseka mpaka wina anagwa mu mtengo. Atate anagula nzimbe imodzi, naidula panayi, ndipo gawo la Ba Jairosi linatsika chulu kudzera mwa Ba Yusufu.

Madzulo magalimoto anadutsanso kachiwiri njira yomweyo. Yoyera inasoka msoko wake monga poyamba. Patsogolo pa yobiriwira panadutsa mbuzi, ndipo ndinamva nsapato ya Ba Jairosi ikumenya pansi mwamphamvu mpaka njerwa inasuntha. Mbuziyo inapulumuka. Ndipo tinamva kubangula kwa Nkhanu. Atate anaimirira, chipewa chili m'manja, akuchizunguza m'mwamba, munthu amene ngakhale pa nyimbo za Pasaka sankagwedeza phewa. Koma ulendo uno Nkhanu inapitirira muyeso. Inatembenuka, nkutembenukabe, tayala linaphulika, ndipo inazungulira kawiri nkukaima mu mchenga pafupi ndi chulu chathu, itayang'ana kumene inachokera.

Anthu awiri ovala zipewa zolimba anatumphamo nkuyamba kusintha tayala mwaliwiro limene sindinalionenso. Atate anatsika chulu pang'onopang'ono, chipewa chili pa chifuwa, nakasuzumira pa zenera pamene buku linasiyidwa. Anayang'ana nthawi yaitali. Pobwerera nkhope yao inali yodzaza ndi ulemu.

"Ba Yusufu, ndi Chihebri. Cholemba pamanja."

Ba Jairosi anabuula ngati munthu wodwala m'mimba. Ndinagwira thalauza ndi manja onse awiri, ndipo ndinapondera mapazi pa muzu kuti ndilimbe.

Tayala litalowa, awiri aja anabwerera m'galimoto, koma Nkhanu inakana kuchoka. Diraiva ankaponda moto, matayala ankazungulira, ndipo galimoto inkangodzikumbira manda mu mchenga. Anthu anaima mozungulira akukuwa, aliyense ndi nzeru zake. Apa ndi pamene Ba Jairosi anathera. Anadumpha ngati alumidwa ndi linthumbu, akukuwa kuti, "Giya yachiwiri, iwe! Osaponda maningi! Imwe bantu, bwelani kumbuyo!" Ine ndinali nditauzidwa kuti ndisasiye, ndipo sindinasiye. Chingwe cha khonje chinati phwa. Ba Jairosi anagwa chafufumimba, anapalasa miyendo kawiri, ndipo poti thalauzalo linali lalikulu, nsapato zinatulukamo bwinobwino. Anadzuka nathamanga osadziwa kuti asiya kanthu.

Mpaka lero ndikatseka maso ndimawaona: jekete lofika m'mawondo, tayi ikuuluka kumbuyo, kabudula wobiriwira wa mpira, masokosi osiyana mitundu. Anaika anthu kumbuyo kwa galimoto, anaponya nthambi pansi pa matayala, anamenya pa denga kuwerengera diraiva, ndipo onse anawamvera ngati msilikali. Nkhanu inagwedezeka, inagwira, nkuchoka, wowerenga uja akutulutsa dzanja pa zenera kuthokoza. Ba Jairosi anatembenuka akuseka, manja ali m'mwamba. Kenaka anamva mphepo m'miyendo. Anayang'ana pansi, anayang'ana ine nditaima ndi thalauza lao ngati mbendera, nayang'ana atate. Anakhala pansi pomwepo mu mchenga, nakokera jekete pa mawondo.

Ba Yusufu sanataye nthawi. Anasolola singano imene inkakhala m'chisoti chao masiku onse, anandilanda thalauza, nayamba kulichepetsa m'chiuno, akung'ung'udza kuti akhala akufuna kuchita zimenezi kuyambira m'mawa. Ba Jairosi, poona kuti zonse zatha, anaganiza zofa ndi choonadi. Analankhula mutu uli pansi.

"Ba Yusufu, bauzeni batate kuti nanama. Ija yofiila nimaikonda maningi. Vaneti ija ninaiziba kuti ni ya nzimbe pamene yafika pafupi, koma kamwa kanali katayamba kale. Futi sibathamangisana, aliyense athamanga na nkoloko yake, bapima nthawi. Na buku ija si Chihebri. Ni njila balembamo, kona ili kuti, mugodi wa mumseu uli kuti."

Ba Yusufu anali ndi ulusi pakamwa, ndipo sanabwereze kanthu. Ine ndinayamba kuganiza za mmene ndikafotokozere Tisa. Kenaka atate anatikodola ine ndi Ba Yusufu kuti tibwere pa njerwa pamene Ba Jairosi anakhala tsiku lonse. Patsogolo pa njerwayo panali maenje atatu okumbidwa ndi nsapato, ondondozana bwino.

Atate analoza ndi nzimbe. Anati ili la kumanzere ndi kilachi, ili la kumanja ndi moto, ili la pakati ndi buleki. Anatiuza chinthu chimene sitinkachidziwa, kuti zaka zonse zimene akhala akukwera kutsogolo kwa malole, mantha sawalola kuyang'ana msewu, choncho amayang'ana mapazi a diraiva, ndipo mapazi amawadziwa kuposa nkhope. Anati za pakamwa anasiya kuzimvera m'mawa, poti anazindikira kuti ndi nzeru za mwana wao wamkazi, ndipo anandiona ine ndikukoka ngati ndikuweza nsomba. Iwo ankaonerera mapazi. Nkhanu ikamabwera, phazi linkapita pa moto mosangalala, zimenezo sakanakana. Koma nthawi zonse linkasamukira pakati galimoto isanafike pa mkuyu, pamene mwini Nkhanu ankadikira mpaka mkuyu utadutsa. Ndipo pa mbuzi paja, phazi linaponda buleki diraiva wa yobiriwira asanaione nkomwe. Analowetsa nzimbe m'dzenje la pakati, ndipo linali lakuya kuposa ena onse.

Atatero anatembenuka, nayang'ana Ba Jairosi mwachindunji koyamba, osadutsira mwa munthu.

"Apongozi, valani thalauza tizipita. Ndipo muyendetse monga mwa masiku onse. Wa makala uja asatipitirirenso."

Ba Jairosi anaomba m'manja atagwada, thalauza limene Ba Yusufu anawabwezera lili pa phewa. Titafika kunyumba Tisa anatiyang'ana tonse anayi, ofiira ngati njerwa, ndipo atamva atate akunena kuti apongozi apatsidwe madzi osamba, analowa m'nyumba nkukalira mokweza. Tinamva pambuyo pake kuti yoyera ndiyo inapambana, ndipo Ba Yusufu anaikumbutsa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Za Chihebri atate sanagonje. Mpaka kumwalira kwao ankati kaya munalembedwa chiyani m'bukumo, munthu uja ankapemphera.

Pa kona paja lero pali nyumba za mipanda ya njerwa, chulu anachigumula, ndipo mkuyu sindikudziwa unapita liti. Rali ndimaionera pa foni ya mdzukulu wanga. Masiku ano amaika kamera m'kati mwa galimoto, ndipo wowerenga uja umamumva bwinobwino akutchula makona ake mosapumira. Ndikamvetsera ndimaona kuti atate sanalakwe kwambiri. Achinyamata a lero amabweretsana kunyumba atagwirizana kale, ndipo mkamwini amapatsa apongozi moni wa pamanja tsiku loyamba. Sindikunena kuti nzoipa. Kungoti sindidziwa kumene makolo a lero amayang'ana, poti magalimoto ambiri alibenso kilachi.

Mkazi wanga, amake Chisomo, ankaikonda nkhaniyi kuposa ina iliyonse ya kwathu. Tikakwera minibasi ankandigunda ndi chigongono akandipeza ndikusuzumira mapazi a diraiva, nkundinong'oneza kuti, "Nanga uyu, tingamupatse mwana?" Ambuye atamuitana, amene anayendetsa galimoto yonyamula bokosi lake anali Ba Jairosi, imvi zili mbuu, atavala suti yowakwana imene Ba Yusufu anawasokera pa ukwati. Ndinakhala nawo kutsogolo, ndipo poti msewu sindikanatha kuuyang'ana, ndinayang'ana pansi. Phazi lao linali pakati njira yonse, likunyengerera galimoto pa dzenje lililonse kuti amake Chisomo asagwedezeke. Tili m'njira, mnyamata wa njinga ya makala anatipeza, natipitirira, navula kapusi yake. Ine ndi Ba Jairosi tinayang'anana, ndipo Mulungu atikhululukire, tinaseka.